Masitolo akwatirana, ife tasanduka ana opeza

Masitolo awiri a ku Kariakoo amene amagulitsa zida za ife odula mitengo akwatirana. Palibe amene anandiitana, ngakhale kakhadi sindinalandire, koma perekaniperekani wake wandipeza ndili kunyumba. Chingwe chokwerera, tcheni ya makina, tupa, magolovesi, ngakhale kabotolo ka oilo wosakaniza ndi petulo, zonse zinadumpha mtengo sabata yomweyo imene anapachika chikwangwani chatsopano. Mpunga wa paukwatipo sindinalawe, koma amene akulipira ophika ndine.

Kwa amene simundidziwa, ine ndine Mnyasa, monga amatitchulira kuno ku Dar es Salaam. Ndinachoka ku Dedza n'kuwoloka Songwe ndili ndi chikwanje m'chikwama ndi digiri imodzi yokha, yokwera mitengo ya mango ya eni ake. Kumudzi luso limeneli linkandipezetsa zikwapu. Kuno likundidyetsa ugali ndi maharage. Mvula ya masika ikamayandikira mu Malichi, mabwana a ku Masaki, Oysterbay, Mikocheni ndi Mbezi Beach amakumbukira mwadzidzidzi kuti nimu wawo, amene kuno amati mwarobaini, watambalala pamwamba pa mawaya a TANESCO. Ndiye amandiimbira: “Bwerani mudzangochotsa kanthambi kamodzi.” Ukafika, kanthambiko n'kokwana kupala bwato, ndipo pansi pake bwana waimikapo galimoto imene amaikonda kuposa abale ake. Ntchito yanga ndi kukwera mitengo, ya eni sitolo ndi kuikweza. Tonse tili m'mwamba, koma amene angagwe ndine ndekha.

Sitolo yanga inali ya mdala wina amene tonse tinkangomutchula kuti Mzee. Inali yamdima, yothina, yonunkha girisi, ndipo mphaka wake ankagona pa sikelo. Koma Mzee anali ndi khalidwe limodzi lachilendo pa malonda: ankanena zoona. Zingwe anazigawa patatu. Choyamba ankati n'cha munthu. Chachiwiri n'cha katundu. Chachitatu n'cha mbuzi, ndipo mbuziyo ikhale yofatsa. Ukaloza chotchipa, ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala zakumapazi, n'kufunsa kuti uli ndi ana angati. Ukayankha, ankabweza chingwecho pa shelefu osanena kanthu. Makina a Stihl a ku Germany ndi a Husqvarna a ku Sweden ankawaika kumanja. Kumanzere kunali abale awo a m'tchire, a utoto womwewo koma dzina chilembo chimodzi chitasochera. “Awa,” ankatero Mzee, “adzakutumikira bwino mpaka Lachinayi.”

Tsidya lina la msewu kunali sitolo ya magalasi, ya anyamata ovala yunifolomu. Kwa zaka zambiri awiriwa ankanyozana. Mzee ankati anyamatawo sangasiyanitse tcheni ya makina ndi ya njinga. Anyamatawo ankati katundu wa Mzee anafika padoko nthawi ya Mwalimu Nyerere. Udani umenewu ndi umene unkalera ana anga. Mzee akatchula mtengo, ndinkapukusa mutu, n'kuyang'ana tsidya lina, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Ndisanafike pa ngalande, ankandiitana: “We Mnyasa, bwerera!” Kwa anyamata a magalasi ndinkasewera sewero lomwelo mobwerera.

Lero ndikapukusa mutu n'kuwoloka msewu, ndimakapeza chikwangwani chomwecho, yunifolomu yomweyo, mtengo womwewo, ndipo palibe amene amandiitana kupatula woyendetsa bodaboda amene ndamutsekera njira. Adani aja agona nyumba imodzi.

Pa foni anatitumizira uthenga wotsekemera. Akuti tsopano ndife banja limodzi. Akuti palibe chimene chasintha. Abale anga, aliyense amene anakulira m'nyumba imene mayi anakwatiwanso amawadziwa mawu amenewa. Bambo watsopano amabwera ndi maswiti sabata yoyamba, amakusisita mutu, amati “ana awa ndi anga omwe”. Mwezi usanathe, wayamba kuwerenga nthuli za nyama mumphika. Kasitomala pa ukwati wa makampani ndi mwana wopeza. Dzina lake lili pa mndandanda wa katundu amene anapezeka m'nyumba, pakati pa mashelefu ndi jenereta.

Mzee akuti anamukweza kukhala mlangizi. Ulangizi wakewo amauchitira pakhoma, m'chithunzi cha felemu yagolide, akumwetulira kumwetulira kumene sitinakuonepo ali pa kauntala. Mwini wakeyo ali kumudzi kwawo akuweta nkhuku. Pamalo pake pakhala mtsikana waulemu kwambiri ndi kompyuta yopanda ulemu.

“Dada,” ndinatero, “makina awa ndinagula pompano. Mzee anati akavuta chaka chisanathe ndiwabweze. Avuta.”

“Pepani kaka, imeneyo inali kampani yakale. Kampani imeneyo kulibenso.”

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. “Zikomo kwambiri dada. Ndiye kuti ngongole yanga ija nayonso inatsagana ndi malemuwo?”

Anagogoda kompyuta kawiri. “Ayi kaka, ngongole ilipo. Tinasamuka nayo.”

Mwaona ukwati wake? Bambo watsopano wakana kulipira fizi imene analonjeza bambo wakale, koma mbuzi za bambo wakaleyo waziwerenga zonse mpaka ana ake. Galanti inafera panjira posamuka, pamsewu wa mikono yochepa chabe, pamene ngongole inawoloka bwinobwino osagundidwa ndi bajaji.

Kompyutayo sinalekere pomwepo. Kwa Mzee ndinalembedwa m'kope kuti “Mnyasa wamfupi”. Kwa anyamata a magalasi ndinali “wa chisoti chofiira”. Anthu awiri osiyana, aliyense ndi kangongole kake koyenera munthu waulemu. Kompyuta itaona kuti anthu awiriwa ali ndi nambala imodzi ya foni, inawakwatitsanso. Tsopano ndine munthu mmodzi wa ngongole yonenepa, ndipo mtsikanayo anaiwerenga mokweza pamaso pa mzere wonse.

Nditakadandaula kunyumba, mayi a ana sanandimvere chisoni. “Bambo, mwana wopeza wake uti? Inu munkadya kwa mayi, n'kupita kukadyanso kwa bambo, konseko mukulira kuti simunadye. Lero akwatirana, akuuzana.” Ndinawayankha kuti umenewo akatswiri a zachuma amautcha mpikisano. Iwo anati kwawo amautcha dyera. Nkhaniyo tinaisiya m'manja mwa makolo.

Kunena zoona, ine ndine mwana wopeza wozolowera. Foni yanga yoyamba kumudzi inali ya Celtel. Mu 2008 tinadzuka tili a Zain, mu 2010 tinadzuka tili a Airtel, nambala yomweyo, abambo atatu. Mu 2015 banki ya MSB inatengedwa ndi FDH, Indebank n'kutengedwa ndi National Bank, ndipo achibale anga amene anali ndi mabuku kumeneko anasintha mtundu osasamuka pamzere. Nditafika kuno ndinati ndapuma. Eni ake a Tigo anagula Zantel mu 2015, kenako Tigo ndi Zantel zonse n'kugulidwa ndi gulu la Axian la ku Madagascar mu 2022, ndipo mu Novembala 2024 tinadzuka tili a Yas. Ndikati ndiwerenge abambo onse amene andipeza, zala sizikwana.

Kwathu ukwati suchitika popanda ankhoswe, ndipo zinthu zikavuta umadziwa khomo loti ukagogode. Maukwati a makampani nawonso ali ndi ankhoswe. Kuno ndi bungwe la Fair Competition Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003. Kwathu ndi CFTC. Amalengeza ngati kutchalitchi kuti amene ali ndi chifukwa choletsa ukwatiwu anene. Ndipo nthawi zina anthu amanenadi. Eni ake a simenti ya Twiga, ya ku Wazo Hill konkuno, atafuna kutenga Tanga Cement mu 2021, nkhani inafika ku bwalo la apilo la zampikisano, limene linaimitsa ukwatiwo mu 2022, ndipo unadzamangidwa mu 2023 anthu atakangana mpaka kukhuta. Koma ankhoswe amenewa amaitanidwa chuma cha akwati chikafika mashilingi 3.5 biliyoni. Ukwati wa Mzee ndi anyamata a magalasi ndi wongolowana. Unachitika usiku, mboni yake ndi wopenta chikwangwani.

Poti palibenso wondiuza kuti chingwe ichi n'cha munthu kapena cha mbuzi, ndatsegula bungwe langalanga loyesa zida kuseri kwa nyumba ya lendi. Chingwe chenicheni chokwerera chimabwera ndi chizindikiro cha muyezo wake. Cha muyezo wa ku Ulaya wa EN 1891, mtundu A, chimayenera kupirira mphamvu ya 22 kN chisanaduke, kutanthauza kulemera kopitirira matani awiri, matumba a simenti a makilogalamu 50 oposa 40. Bungwe langa lili ndi matumba awiri, ndipo limodzi ndi lobwereka. Ndimawamangirira ku chingwe, n'kuwapachika pa mango a alandilodi, n'kukhala patali ndikumwa tiyi. Ana a m'dera amabwera kudzaonerera, akubetcherana. Alandilodi afunsa kale ngati ndayamba zamankhwala. Chondiwawa n'chakuti ngakhale simenti imene ndikuyesera zida za banja latsopanoli nayonso ndi ya m'banja latsopano.

Nditafunsa mtsikana uja ngati chingwe chimene akugulitsa chili ndi pepala la muyezo, anati zonse ndi orijino. Nditafunsa ngowe yachitsulo imene sinalembedwe nambala iliyonse pamsana, anati nayonso ndi orijino. Ndikukhulupirira kuti ndikanaloza mphaka wa Mzee, akanati orijino, ndipo pamenepo pokha akananena zoona.

Akuluakulu anati tsiku lakufa nyani mitengo imaterera, koma nyani sagula chingwe. Munthu akakhala pamwamba pa mtengo wotalika kuposa nyumba yosanja, makina akulira m'manja, moyo wake wonse uli pa ulusi umene wina anamuuza kuti ndi wabwino. Sangauyese ndi maso. Chingwe chimene chakhala padzuwa kapena chathiridwa petulo m'nyumba yosungira katundu chikhoza kuoneka chimodzimodzi ndi chatsopano, ndipo munthu akaterereka n'kugwedezeka nacho, chimalandira mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo. Chikaduka, wamwayi amakathera ku MOI ku Muhimbili kumene amalumikiza mafupa, miyezi osagwira ntchito, wopanda inshuwalansi. Wopanda mwayi, Anyasa anzake timasonkha ndalama za galimoto yopita ku Songwe. Chimene tinkagula kwa Mzee chinali mawu ake, ndipo chingwe chinkangobwera pamwamba. Amene wagula sitolo wagula mashelefu, dzina ndi makasitomala. Ngati akudya phindu la dzina limenelo, asenzenso malonjezo amene anapangidwa m'dzina limenelo. Kutenga ngongole za anthu n'kukana galanti yawo ndi kuba, ngakhale kutachitika pa kompyuta ndi kumwetulira. Ndipo kugulitsa chingwe cha katundu kwa munthu amene ukudziwa kuti akukakwera nacho ndi kumukumbira manda pa lisiti.

Mwina mukuti bwanji osangosamuka, Kariakoo ndi yaikulu. Ndayesa. Ndinapeza kasitolo kena cha ku Gerezani, ka mnyamata wanzeru amene amadziwa kunola tcheni ndiponso amakuuza poyera chimene chili feki. Ndinayamba kumukonda. Ndinayambanso kumulembetsa kangongole kochepa kuti ubale ulimbe. Sabata yatha ndinaona galimoto ya banja latsopano lija itaima pakhomo pake, akulu awiri a mataye akumwa naye soda. Abale anga, bambo ameneyu ndi wamitala.

Choncho inu eni masitolo amene mukufunsirana, kwatiranani, sitikuletsani. Koma mwana wa mnzako ndi wako yemwe: lemekezani galanti zakale, sungani munthu mmodzi pa kauntala amene anagwirapo makina, ndipo chingwe cha mbuzi muchilembe kuti n'cha mbuzi. Inu Anyasa anzanga okwera mitengo kuyambira ku Kigamboni mpaka ku Tegeta, masiku a mawu apakamwa atha. Funani lisiti ya EFD, galanti ilembedwe papepala lokhala ndi chidindo, ndipo chingwe kapena ngowe yopanda chizindikiro cha muyezo muisiye pa shelefu, ngakhale atakutsitsirani mtengo mpaka pansi.