Ndodo Yolira Ikamva Ndalama

Ku Mangalande kuli anthu amene Lamulungu likafika savala suti yakutchalitchi koma majombo ndi jasi lamvula, n'kupita m'munda mwa mlimi kukayendetsa ndodo yokhala ndi mbale kunsonga kwake. Ndodoyo, imene eni ake amaitcha metal detector, imaponya mphamvu ya maginito m'nthaka, ndipo ikanunkhiza chitsulo imalira m'makutu mwa mwini wake. Tsoka lake n'lakuti kawirikawiri chimene yalirira chimakhala msomali wadzimbiri kapena chivindikiro cha botolo la mowa, kotero bambo wa ndevu zake amabwera madzulo ali matope okhaokha, thumba lodzaza zinyalala. Anthu a m'tauni amamusuzumira pazenera n'kumakodolana, amvekere mutu wa mkuluyu wayamba kuchepa mafuta. Koma woyenera kusekedwa si iyeyo ayi. Anthu a m'tauni, kulikonse kumene ali, ndiwo ndodo zenizeni zofufuzira ndalama, kungoti yawo imalirira mumtima pamene ya mnzathuyu imalirira poyera.

Umboni wake ndi mmene malonje amasinthira nthaka ikalavula kanthu. Mu 1992 ku Hoxne, m'chigawo cha Suffolk, mkulu wina wopuma pantchito dzina lake Eric Lawes anapita kukafuna hamala ya mnzake imene inatayika m'munda, n'kufukula ndalama zachiroma zopitirira 14,000, zambiri zasiliva, pamodzi ndi masipuni ndi zibangili. Mtengo wake unafika mapaundi 1.75 miliyoni, ndipo hamala ija itapezeka inakasungidwa ku British Museum ngati nayonso ndi ya mfumu. Mu 2019 ku Chew Valley anthu asanu ndi awiri anafukula makobiri asiliva 2,584 a nthawi ya mfumu Harold II ndi William amene anamulanda ufumu mu 1066, ndipo anawawerengera mapaundi 4.3 miliyoni. Tsopano taganizirani msewu uliwonse umene mwayi wotere ungagwere. Munthu amene dzulo anali "wandodo uja" lero wasanduka "bwana". Mnansi amene kwa zaka zambiri moni wake unali wotukula nsidze basi wakumbukira kuti ana awo anaphunzira sukulu imodzi, ndipo msuweni amene sanaoneke ngakhale pamaliro watulukira ndi nkhuku kukhwapa, akuti amangodutsa.

Wina anganene kuti kumeneko n'kusangalala ndi mnzako chabe, osati dyera, ndipo anthu aulemu ndalama siziwasintha. Zikanakhala choncho, Angerezi, amene amapepesa ngakhale iwe ndiwe wawaponda phazi, sakanafuna lamulo. Koma mu 1996 anakhazikitsa Treasure Act, lamulo lonena kuti wopeza ndalama zasiliva kapena zagolide ziwiri kapena kuposerapo pamalo amodzi, zimene zapitirira zaka 300, akanene kwa akuluakulu pasanathe masiku 14. Komiti imaika mtengo, nyumba yosungira zakale imagula, ndipo mphotho yake wopeza ndi mwini munda amagawana, kawirikawiri pakati mpakati. Amuna awiri amene mu 2015 anapeza ndalama za nthawi ya mfumu Alfred kufupi ndi Leominster anatsatira chiphunzitso cha ana chakuti kutola si kuba, anazigulitsa mwamseri, ndipo mu 2019 khoti linawatumiza kundende. Ngakhale kumene zonse zinayenda mwalamulo ulemu unavutikabe: chuma cha ku Staffordshire cha mu 2009 chinabweretsa mapaundi oposa 3 miliyoni, koma nyuzipepala zinalemba kuti wopeza ndi mwini munda anadzafika posemphana mawu. Akanapeza msomali bwenzi akumwerabe tiyi limodzi.

Ena amati wandodoyu ndi mlesi wotchova juga, ndipo akuluakulu ponena kuti chuma chili m'nthaka ankanena za khasu. Mfundoyi ikumveka, chifukwa amene amalemera ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri amakalamba atangosonkhanitsa mabatani a malaya. Komabe tiyeni tiyeze ulesiwo mwachilungamo. Iyeyu amayamba wapempha chilolezo kwa mwini munda, amayenda tsiku lonse m'chisanu, amagwada, amakumba, ndipo dzenje lililonse amalikwirira. Zimene wapeza amakalembetsa ku Portable Antiquities Scheme, imene chiyambire 1997 yalemba zinthu zakale zopitirira miliyoni imodzi, ndipo akatswiri a mbiri amaphunziramo kumene anthu ankakhala ndi kugulitsana malonda. Nanga wofufuza wa m'tauni uja amakumba chiyani? Iye amangoima pakhonde la sitolo kuyeza nsapato za odutsa, kusuzumira m'jumbo ya mnzake kuti aone ngati muli nyama kapena bonya, n'kusankha woti "mwaswera bwanji achimwene" ndi woti amuyang'anire kumbali. Sapempha chilolezo, ndipo dzenje limene amasiya m'thumba mwako salikwirira.

Pomaliza pali onena kuti zonsezi n'za azungu, kuno sizitikhudza. Komatu agogo athu a nthawi ya Nyasaland ankakwirira matiki, masikisi ndi mashilingi m'chitini pansi pa mphasa, kwacha isanabwere mu 1971. Musathamangire kukaswa simenti ya m'nyumba ya makolo, chifukwa ndalama za ku Britain zinasiya kukhala ndi siliva kuyambira 1947, ndipo zambiri zimene mungapeze n'zosakaniza mkuwa ndi nikelo, zosakwana n'komwe kulipirira minibasi yopita ku Limbe. Funso loyenera n'lakuti chinawakwiriritsa n'chiyani. Kusowa kwa mabanki n'chifukwa chimodzi, ndipo amene anabisa makobiri ku Chew Valley ayenera kuti ankaopa chipwirikiti cha nkhondo. Koma aliyense wokumba dzenje usiku osauza ngakhale mkazi wake amakhala akudziwa kuti m'mudzimo muli makutu akuthwa omva kulira kwa ndalama kuseri kwa khoma. Anthuwo anamwalira chinsinsi chili m'mimba, n'chifukwa chake lero wandodo ali ndi choti afufuze.

Choncho mukadzaona munthu akuyenda chowerama ndi ndodo yake yolira, mupatseni moni wathunthu tsiku lomwelo thumba lake lidakali lodzaza misomali. Mukadikira kuti ayambe wafukula siliva, adzadziwa msanga kuti moniwo mukupatsa thumba, ndipo adzakhala akunena zoona.