Ndinkangofuna Poika Zolembera

Ndiyambe ndi kuulula, kuti mtima ukhale m'malo. Tebulo lathu lodyera lili ndi zibowo zitatu pakona, ndipo si chiswe chinaboola. Ndine. Alendo akabwera, mayi a kunyumba amayala kansalu koluka pamenepo n'kukhazikapo mbale ya shuga, ndipo mlendo akati aisunthe mbaleyo, tonse awiri timadumpha ngati waponda mwana.

Zinayamba titapita kumudzi kukalongosola katundu wa malemu agogo aamuna, amene anali mphunzitsi m'nthawi ya atsamunda. Pansi pa sutikesi yachitsulo, pakati pa masatifiketi ndi tayi wodyedwa ndi njenjete, ndinapeza kachitini ka masiwiti. M'katimo munali timitengo titatu togwirira, manibu 12 osagwirapo ntchito, mapensulo anayi ofupika ngati chala, ndi kabotolo kagalasi kokhuthala kamene inki yake inauma gwaa ine ndisanabadwe. Kwa amene munabadwira m'bolopeni, cholembera chimenechi sichisunga inki m'mimba. Umazika nibu yachitsulo kukamtengo, kuviika m'botolo, kulemba mawu atatu kapena anayi, n'kuviikanso, mpaka kalata ithe kapena moyo ukutopetse. Pa nibu iliyonse panali timalemba ting'onoting'ono: Joseph Gillott, Birmingham.

Usiku womwewo bandulo yanga yonse inathera pa YouTube. Ndinamva kuti kuyambira m'ma 1820 mafakitale a ku Birmingham ankasula manibu achitsulo ochuluka zedi n'kumawatumiza dziko lonse, kuti nthenga za tsekwe zinasiyidwa chifukwa cha iwo, kuti nawonso anadzagonja bolopeni itatchuka, makamaka Bic Cristal itatuluka mu 1950, ndipo pofika 2 koloko m'bandakucha ndinali nditadzipatsa digiri. Mawa lake, pamsonkhano wokonzekera chinkhoswe cha mchemwali wanga, anthu akukambirana mtengo wosindikiza makhadi, ndinatsokomola n'kunena kuti asavutike, makhadi onse 80 ndilemba ndekha pamanja, ndi zolembera za agogo. Palibe anandipempha. Amalume anaomba m'manja. Mchemwali wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Achimwene, paja kusukulu aphunzitsi ankati mumalemba ngati nkhuku yapalasa?" Ndinayankha kuti imeneyo inali nkhani ya zipangizo.

Munthu wanzeru akanayamba ndi kuphunzira kulemba. Ine ndinaona kuti choyamba n'kupeza poika zidazo, chifukwa aliyense m'mavidiyo aja anali ndi kachipangizo kamatabwa patebulo, desk organizer amatero, zolembera zitandandalika bwinobwino, mapensulo ataima ngati asilikali, botolo la inki lili phee pamalo pake. Ndinatsimikiza kuti luso lonse lagona pamenepo.

Ndinayamba ndi kapu ya tiyi yoduka chogwirira. Ndinaponyamo zolembera ziwiri chozondotsa, nibu pansi, monga timachitira ndi bolopeni, osadziwa kuti nibu ili ndi mano awiri opyapyala olekanitsidwa ndi kamng'alu kamene inki imatsikira, ndipo manowo akangogunda pansi pa kapu amayang'ana kwina wina kwina ngati anthu oyambana. Manibu anatsala 10. Ndinati chabwino, taphunzirapo, n'kuzitembenuza kuti nsonga ziloze kumwamba. Madzulo ake magetsi anazima, ine n'kuyamba kupapasa patebulo kufuna machesi ndi confidence ya mwini nyumba, ndipo ndinawapeza a Gillott onse atatu ndi chikhatho chimodzi. Mfuu imene ndinakuwa inabweretsa aneba ndi zibonga.

Plan B inali nsungwi. Ndinadziuza kuti zimenezi ndiye zathu, zachilengedwe, zosafuna ndalama. Ndinakadula kuseri kwa nyumba ya alamu anga, n'kucheka timagawo titatu tosalala bwino, kusamala kwambiri kuti ndipewe mfundo chifukwa zinkandionekera zonyansa, n'kutimanga pamodzi ndi chingwe cha sisalo, n'kuyitana banja lonse kuti lidzaone. Nditanyamula kuti ndionetse, mapensulo onse anatulukira kunsi n'kugwera pasimenti. Mfundo ija ndiye matako a chinthucho. Mwana wanga wa zaka 6 ndi amene anandifotokozera. Ndinadulanso, ulendo uno mfundo zili pansi, koma zinatalika kwambiri moti timapensulo ta agogo tinkangomira osaonekanso, ndipo kuti utenge kamodzi unkayenera kukhuthula zonse. Komanso nsungwiyo inali yaiwisi. Patatha sabata inang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, m'kati munamera nkhungu, ndipo manibu atatu amene ndinasungamo anatuluka ofiira ndi dzimbiri. Anatsala 7, ndipo ndinali ndisanalembe ngakhale chilembo chimodzi.

Apa ndi pamene ndinayenera kuima. M'malo mwake ndinagula kope la masamu, kujambula design ya nsanjika ziwiri, n'kukwera minibasi ya ku Ndirande.

Ndinafika pamatabwa ndi nkhope ya munthu wodziwa, n'kufunsa mkungudza, poti ndinamva kuti umanunkhira ndipo chiswe sichiukonda. Bambo wogulitsayo anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kundikumbutsa mwaulemu kuti umenewo ndi mtengo wa fuko, watsala pang'ono kutheratu m'phiri la Mulanje, ndipo kuudula n'koletsedwa. Ndinaseka ngati ndimangowayesa. Ndinagula chidutswa cha mlombwa. Kalipentala wina wachikulire amene ankapala chitseko pambali anaona kope langa n'kuti, "Bwana, tangondisiyirani botololo ndi zolemberazo, mawa masana mudzatenge." Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinawayankha ndi mbiri yakale. Ndinati, "Madala, tchalitchi cha St Michael and All Angels chili apochi, David Clement Scott anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891 asanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo chilipobe. Ine kabokosi ka mapensulo kangandikanike?" Madalawo anangoti, "Zoona, bwana," n'kupitiriza kupala.

Loweruka m'mawa, mayi a kunyumba atapita kumsika, ndinabwereka drill kwa alamu anga n'kusandutsa chipinda chodyera kukhala workshop. Ndinali nditayeza pensulo, mamilimita 7, ndiye ndinamanga kachitsulo koboolera ka mamilimita 8, ndipo ndinadzitamanda chifukwa cha milimita yapamwambayo. Chimene sindinaganize n'kuyala thabwa lachabe pansi, kapena kukulunga katepi pakachitsuloko kuti ndidziwe polekezera. Mlombwa ndi wolimba, ndiye ndinatsamira ndi thupi lonse, makina akulira, utuchi wofiirira ukuuluka, ine ndikuimba kamluzu, kenako ndinamva kuti kwafewa ndipo utuchi wayamba kutuluka woyera, n'kudziuza kuti mitengo yachilengedwe imatero, mtima wake umasiyana ndi kunja. Ndinaboola chachiwiri. Utuchi woyera. Chachitatu. Utuchi woyera. Ndipamene ndinakumbukira kuti tebulo lathu, mphatso ya ukwati yochokera kwa apongozi, ndi la paini.

Ndinakhala pampando kwa mphindi zingapo ndikuyang'ana zala zanga za kuphazi kudzera m'tebulo.

Mukuganiza kuti ndinaleka? Ndinasamukira pakhonde. Kumeneko ndinazindikira kuti timitengo togwirira n'tonenepa kumutu n'kuonda kumchira, choncho m'zibowo zanga munkalowa kamchira kokha, cholembera n'kumagwedera m'mwamba ngati eriyo ya wailesi. Malo a botolo la inki nawo anakana, pakuti ndinayeza ndi ulusi pakhosi pa botolo m'malo moyeza pansi pake, ndipo mabotolo amenewa amawapanga dala otambalala kunsi kuti asagwe. Ndinatenga tchizulo kuti ndikulitse, n'kuiimika motsatira mitsempha ya thabwa, n'kumenya ndi hamala kamodzi kokha kamphamvu, ndipo mlombwa wanga unangoti phwaa, pawiri, mwaukhondo ngati chinangwa chophika. Ndinamata ndi guluu. Popeza ndinalibe chopanira, ndinayala nyuzipepala, kuikapo thabwalo, n'kutsamiritsa thumba la chimanga usiku wonse. M'mawa thabwa linali litagwirana ndithu, pamodzi ndi tsamba lonse la zamasewero, ndipo mpaka lero mukalitembenuza mutha kuwerenga theka la nkhani ya mpira. Ndinapaka vanishi kuti zibisike, n'kulephera kudikira kuti aume chifukwa ndinkafuna chithunzi cha pa WhatsApp, ndiye ndinazikamo mapensulo a agogo. Awiri sanatulukenso. Ali momwemo, ngati zipilala za chikumbutso.

Mayi a kunyumba sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Anaona tebulo, anaona ine, n'kungofunsa kuti, "Bambo a mwana, tiyi mumwera pati?"

Tsopano kunatsala masabata awiri kuti makhadi atuluke. Ndinagula India ink m'sitolo ina m'tauni, yakuda bii, n'kuthira m'kabotolo ka agogo. Poti malo ake anali atakana, ndinakakhazika pamwamba penipeni pa nsanjika yachiwiri, kumanzere, chifukwa kumeneko n'kumene kankaoneka bwino. Ine ndimalembera dzanja lamanja. Ndinaviika, n'kukhudza pepala. Palibe chinalembeka. Inki inkangoundana panibu ngati madzi patsamba la koko, kenako n'kugwa yonse nthawi imodzi, dontho lalikulu ngati nyemba. Manibu atsopano amawapaka timafuta kufakitale kuti asachite dzimbiri, ndipo umayenera kuwatsuka kaye. Vidiyo ina inati kudutsitsa pamoto kwa kamphindi kumathandiza. Ine ndinaganiza kuti ngati kamphindi kamathandiza, mphindi yathunthu ithandiza koposa, ndiye ndinagwirizira manibu awiri pakandulo mpaka anasintha mtundu, ndipo chitsulo chikapsa choncho chimataya kulimba kwake, ukachisindikiza chimangokhala chokhotakhota osabwerera. Anatsala 5. Vidiyo ina inati ubaye m'mbatata ya kachewere kwa mphindi zochepa. Ndinabaya anayi, foni inalira, ndinakumbukira Lachiwiri. Inatsala imodzi.

Imodziyo ndinaitsuka ndi mankhwala otsukira mano, ndipo inalemba. Abale anga, inalemba! Kamzere kopyapyala pokwera, konenepa potsika, ndendende ngati m'makalata a agogo. Ndinasangalala, n'kutambasula mkono kudutsa pamwamba pa mulu wa makhadi kuti ndikaviikenso kumanzere kuja, ndipo mkono wa shati unakola nsanjika yachiwiri, chinyumba chonse chinapendama pang'onopang'ono ngati chikundipatsa mpata wolapa, ine n'kuyesa kuwakha botolo ndi dzanja lomwe linagwira cholembera, n'kulimenya m'malo moligwira, ndipo inki inayenda ulendo wake pamakhadi 80, pashati yanga yoyera ya kutchalitchi, pakansalu koluka koyamba kamene kankabisa zibowo zija, n'kutsikira m'zibowo momwemo kukafika pamphasa. Ndinayesa sopo, mandimu, mkaka, mchere, ndi pemphero. India ink ndi mwaye wosakaniza ndi utomoni wotchedwa shellac, ndipo ikauma madzi saiuza kanthu. Zimenezi zinalembedwa pabotolo. Ndinawerenga pambuyo pake.

Lamlungu ndinapita kwa azakhali, amene anaphunzira m'masiku a inki, zikhadabo zanga zili zakuda ngati ndimakonza injini. Nditafotokoza, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwana wa achimwene anga, nsanjika za chiyani? Desiki yathu inali ndi chibowo chimodzi kudzanja lamanja, kabotolo kankamira m'menemo mpaka m'khosi, ungagwedeze bwanji sikangagwe. Kutsogolo kunali kangalande, cholembera chinkagona m'menemo chammbali. Ukamaliza, umapukuta nibu ndi kansanza. Basi." Chibowo ndi kangalande. Ana a Sitandade 3 ankazidziwa zimenezi ine ndisanabadwe, ndipo azakhali amakhala mtunda wa minibasi imodzi kuchokera kwathu. Safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chitini chomwe.

Lolemba ndinabwerera ku Ndirande, botolo ndi cholembera zili m'thumba la shuga. Madala aja anandizindikira ndili patali. Sanandinyoze. Analandira botolo, kuliimika pathabwa lotsalira, kuzunguliza pensulo m'mbali mwake, n'kuyamba ntchito, ndipo ndisanamalize chimanga chootcha chimene ndinagula kuti ndibise nkhope, anali atandipatsa kathabwa kamodzi kosalala, chibowo kumanja, timingalande titatu kutsogolo. Polandira ndalama anafunsa motsitsa mawu, "Nanga tchalitchi chija chinatha, bwana?"

Makhadi anakasindikiza pakompyuta, ndipo ndinalipira ndine, mosakakamizidwa. Kathabwa ka madala kali padesiki panga, nibu yotsala ija imagona m'kangalande kake, ndipo madzulo alionse ndimadzaza tsamba limodzi ndi chilembo cha a. Ena mwa ma a amenewa ayamba kuoneka ngati a. Chinsanjika changa chili pawindo la kukhitchini, amasungiramo machesi.

Dzulo ndinapeza mwana wanga akulemba homuweki patebulo lodyera, atasuntha mbale ya shuga. Anali atazika pensulo yake m'chibowo chimodzi, pensulo yofiira m'chachiwiri, bolopeni m'chachitatu, zonse zitaima chilili, labala wa kumchira atazigwira kuti zisapitirire. "Adadi," anatero osadzutsa mutu, "ichi ndiye munapanga bwino."