Mapanga Awiri pa Mkono Umodzi

Mapanga awiri avumbwitsa. Akuluakulu amene anapeka mwambiwu ankaona munthu amene mvula yam'peza kuphiri: uku kuli phanga, ukonso kuli phanga, iye n'kumathamangira ili, kubwerera lija, mpaka mvula kukata ali nowenowe pakati. Masiku ano mwambiwu umagwera kwambiri amuna amitala, aja amagona ndi njala chifukwa mkazi aliyense akuyesa kuti bambo adya kale kunyumba inayo. Koma pakati pa anthu osonkhanitsa mawotchi apamkono a ku Switzerland, mawotchi amene imodzi yokha itha kugula nyumba ndi mpanda womwe, palinso munthu amene wakhala akunenedwa chimodzimodzi kwa zaka zambiri. Ndi uja wovala wotchi yosakaniza chitsulo ndi golide.

Anthu a mawotchiwa ali ndi mipingo yawo, ndipo sayenderana pamaliro.

Mpingo wa golide ndi wosavuta kuumvetsa. Golide wa m'mawotchi ambiri odula ndi wa makarati 18, kutanthauza kuti pa magawo 1,000 aliwonse, 750 ndi golide weniweni, otsalawo ndi mkuwa, siliva kapena zitsulo zina zomulimbitsa. Kulemera kwake kumatsala pang'ono kuwirikiza kawiri kwa chitsulo, moti mwiniwake amaimva wotchiyo ngakhale m'tulo. Bishopu wa mpingowu ndi Day-Date ya Rolex, yomwe inatuluka mu 1956 ndipo imagulitsidwa ya golide kapena pulatinamu basi. Wovala imeneyi sanamiza munthu. Ndalama ali nazo, ndipo akufuna mudziwe asanakupatseni moni.

A chitsulo ndiye ali ndi nkhani. Kale chitsulo chinali cha anthu a ntchito: asilikali, oyendetsa ndege, osambira pansi pa nyanja. Submariner ya Rolex itatuluka mu 1953 inali chida, mnzake wa sipanala. Zinthu zinatembenuka mu 1972 pa chionetsero cha mawotchi ku Basel, pamene kampani ya Audemars Piguet inabwera ndi Royal Oak, yojambulidwa ndi Gérald Genta. Inali yachitsulo, mkombero wake wa ngodya 8, timabawuti tili poyera ngati zenera la sitima yapamadzi, ndipo mtengo wake unali ma franc 3,300, kuposa mawotchi ambiri agolide a nthawiyo. Ambiri anagwira pakamwa. Patangopita zaka zinayi, mu 1976, Genta yemweyo anajambulira Patek Philippe wotchi ina yachitsulo, Nautilus, ndipo kuyambira pamenepo mbale wake wa supuni ndi mpeni wakukhitchini anakhala pampando wa mfumu.

Amene akukayika akaone zimene zachitika ku okushoni. Mu Okutobala 2017 ku New York, Daytona yachitsulo ya Rolex imene katswiri wa mafilimu Paul Newman anapatsidwa ndi mkazi wake Joanne Woodward inagulidwa madola 17.8 miliyoni. Mu Novembala 2019 ku Geneva, Grandmaster Chime ya Patek Philippe inafika ma franc 31 miliyoni, nayonso yachitsulo. Chinsinsi chake si chitsulocho ayi, ndi kusowa. Patek Philippe inazolowera kuika makina ake ovuta m'zikopa za golide, ndiye yachitsulo ikapezeka imakhala ngati khwangwala woyera. Mwa mawotchi 281 a mtundu wa 1518 amene kampaniyi inapanga, achitsulo odziwika ndi anayi okha, ndipo imodzi inadutsa ma franc 11 miliyoni mu 2016.

Komabe mukam'funsa wa mpingo wa chitsulo chifukwa chake sakonda golide, ayankha ndi nkhope ya mkulu wa mpingo kuti iye sakonda zodzionetsera. Kudzichepetsa kwake n'kwa mtengo wa galimoto yatsopano.

Tsono pakati pa mipingo iwiriyi pali mleme uja, wosadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa. Rolex inaupatsa dzina kalekale, mu 1933, kuti Rolesor. Thupi la wotchi ndi mfundo zam'mbali za lamba zimakhala zachitsulo, pamene mkombero, kabatani kopukusira ndi mfundo zapakati zimakhala zagolide. Cartier inakoleza moto mu 1978 ndi Santos yachitsulo yokhala ndi mkombero ndi timabawuti tagolide. Mu Januwale 1980 mtengo wa golide unakwera mpaka madola 850 pa aunsi, ndipo munthu wanzeru anaona kuti golide wa theka ndi golidebe. M'zaka za m'ma 1980 wotchi yosakaniza inasanduka yunifolomu ya anthu a kubanki ndi a malonda amene zinthu zayamba kuwayendera. Fashoni itapita, chinatsala n'chitonzo. A chitsulo amati munthuyu akufuna kuonekera. A golide amati ndalama zinam'thera panjira. Uku am'kana, uko am'kana, mvula ili pamutu.

Mpaka apa mwambi uja ukuoneka kuti wawina mlandu. Koma zimene zinkachitika m'masitolo cha m'ma 2021 zikupempha apilo.

Bambo wa mpingo wa chitsulo walowa m'sitolo yovomerezeka ya Rolex, kaya ku London kaya ku Dubai, nsapato zopolisha, khadi la kubanki lili m'thumba la malaya. Pawindo pali Daytona yachitsulo imene wakhala akuilota, ndipo pambali pake pali kachikwangwani konena kuti ndi yongoonetsa.

"Ndimafuna iyoyo."

"Pepani bwana, imeneyo si yogulitsa. Tilembe dzina lanu."

"Ndidikira mpaka liti?"

"Tidzakuimbirani. Mumwa khofi?"

Khofi asanazizire, wogulitsa uja wasolola kale thireyi ya nsalu yofewa, ndipo pali ndandanda wa mawotchi osakaniza. Akufotokoza motsitsa mawu kuti makasitomala amene ali ndi mbiri yogula pasitolopo sachedwa kukumbukiridwa. Bamboyo wamva. Kuti akalowe m'phanga limene akulifuna, ayenera kuyamba wagona m'phanga limene amalinyoza, n'kulipiranso lendi.

Osapirira anathamangira kwa ogulitsa mawotchi ogwirapo kale. Kumayambiriro kwa 2022 Daytona yachitsulo inkagulidwa kumeneko pamtengo woposa katatu wa m'sitolo. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake, mu Disembala 2021, Nautilus yachitsulo ya nkhope yobiriwira motuwa ngati bokosi la kampani ya Tiffany, imodzi mwa 170 zokha, inali itagulidwa madola 6.5 miliyoni ku okushoni ya Phillips, pamene mtengo wake wa m'sitolo unali cha m'ma 52,000. Anthu anayamba kugula mawotchi osati ovala koma osunga m'sefa, mapulasitiki ake osamatula, ngati chimanga chodikira mwezi wa njala. Kenaka mabanki akuluakulu anakweza chiwongoladzanja, Bitcoin ndi anzake anagwa chagada, ndipo kuyambira cha mu Epulo 2022 mitengo ija inayamba kutsika, n'kumangotsikabe chaka chonse chotsatira. Amene anagula pamwamba penipeni anali atasankha phanga limodzi, osacheuka, monga mwambi umafunira. Kungoti phangalo linali lodontha.

Nanga mleme uja? Nayenso madontho anam'peza, tisanamizane. Mawotchi ambiri osakaniza amatsika mtengo akangotuluka pakhomo la sitolo, ndipo golide ndi wofewa: mfundo zapakati zija, zonyezimira ngati galasi tsiku loyamba, pakatha mwezi zimadzala timizere ta kukhulana ndi desiki, chitseko cha galimoto ndi mphete ya mkazi wake. Koma iye analowa m'sitolo kamodzi, analipira mtengo wolembedwa, anavala, n'kupita ku ukwati Loweruka lomwelo. Sanapembedze munthu, sanamwe makapu khumi a khofi waulemu.

Makampani nawo sanagone. Mu 2018 Rolex inatulutsa GMT-Master II yosakaniza chitsulo ndi golide wake wofiirira wotchedwa Everose, imene anthu amaitcha Root Beer, ndipo omwe aja ankaseka anayamba kulembetsa mayina. Mu 2019 inaika golide pa Sea-Dweller, wotchi yopirira madzi mpaka mamita 1,220, ngati kuti pansi pamenepo pali wina woti achite nsanje. Mu 2021 Explorer, yomwe mbiri yake yonse ndi ya okwera mapiri, inalandiranso golide wake. Ana a anthu amene ankachita manyazi ndi wotchi ya bambo awo anayamba kufufuza m'madirowa.

Za nthawi yeniyeniyo, palibe mpingo umene umaikapo mtima. Rolex imalonjeza kuti wotchi yake sisochera kuposa masekondi awiri patsiku. Casio F-91W yapulasitiki, yomwe yakhala pamsika kuyambira 1989 pamtengo wa chakudya chamasana ku Geneva, imalonjeza masekondi 30 pamwezi, ndiye kuti sekondi imodzi patsiku. Nkhani imeneyi saikamba pagulu.

Chimene chinasokoneza mipingo yonse chinachokera kwa mwini wake wa Patek Philippe. Thierry Stern, poona kuti wotchi imodzi yachitsulo yayamba kuphimba dzina la kampani yonse, anasiya kupanga Nautilus 5711 ija anthu ankaidikira zaka. Mu Okutobala 2022 anatulutsa yolowa m'malo mwake, 5811, ya golide wotuwa, amene ukamuona kutsidya kwa tebulo sungamusiyanitse ndi chitsulo. Munthu tsopano amalipira mtengo wa golide kuti aoneke ngati wavala chitsulo, chitsulo chimene chinatchuka chifukwa chosaoneka ngati golide. Amene amadziwa zoona ndi mkono wake wokha, chifukwa cha kulemera.

Ndipo pali Datejust yotuwa yonse, ya mkombero wa mizeremizere, imene ambiri a mpingo wa chitsulo amavala popita kuofesi. Mkombero umenewo Rolex siupanga ndi chitsulo. Ndi golide wotuwa wa makarati 18, ndipo m'mabuku a kampaniyo wotchiyo inalembedwa m'gulu la Rolesor, pamodzi ndi mleme uja. Eni ake ena amazindikira zimenezi tsiku loitengera kokakonzetsa, akaona mtengo wosinthira mkombero.