Mlandu wa Wotchi Yakale Uweruzidwa M'basi

Aliyense amene anayendapo pamsewu waukulu wa Great East, kuchokera pamphambano ya ku Petauke kulinga ku Nyimba, adziwa kuti m'minibasi mwathu mulibe chinthu cha munthu mmodzi: chimanga chootcha chigawidwa, mwana wolira aleredwa ndi onse, ndipo buku limene mwana wa sukulu walitsegula pamiyendo pake lisanduka mlandu wa pabwalo, chinkana oweruzawo sanaliwerenge, ndipo sadzaliwerenga kufikira lipenga lomaliza.

Zotere zinamgwera mtsikana wina wa Giredi 10, amene ananyamula The Secret of the Old Clock, loyamba mwa mabuku a Nancy Drew, lotuluka ku America m'chaka cha 1930. Mkulu wina wa jekete, tambala ali kukhwapa, anafunsa nati, "Kodi mwanawe, zikuti chiyani zimene wakwinyira nkhopezo?" Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti nkhalamba yolemera, Josiah Crowley, itamwalira, banja la a Topham linakhalira chuma chonse, koma Nancy anakayika, nayamba kufunafuna wilo ina, imene chinsinsi chake chinabisika m'wotchi yakale.

Pamenepo ngakhale ogona anadzuka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mkulu uja anafuna kudziwa ngati malemuyo analibe mwana wa mlongo wake, popeza kwa Ansenga a kwa Kalindawalo mlandu wotere sufuna wotchi, ufuna malume ndi mphasa. Mayi wina wa Chigwirizano anaweruza kuti cholakwa sichili pa chuma ayi, chili pa Nancy mwini wake: namwali woyendetsa galimoto yekha, wolowa m'nyumba za eni, wofunsa akulu mafunso maso ali gwa, ameneyo sanalangidwe, ndipo pakumva kuti mayi wake wa Nancy anamsiya ali wamng'ono, anapukusa mutu nati, "Ndinadziwa ine." Kondakitala, amene anali asanabweze chenji cha anthu atatu, analalikira mwamphamvu kuti kudya za amasiye n'tchimo lalikulu, natchulanso lamulo la 1989 logawa chuma cha womwalira wosasiya wilo.

Koma mawu amene ndinawayesa anzeru anali a mphunzitsi wopuma ntchito, amene anadandaula kuti azungu aononga mapepala pachabe: masamba onsewo kufufuza chinthu chimodzi, pamene ku Petauke kuno mbuzi ikasowa m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu amayi a pamjigo atchula kale wakuba, mudzi wake, ndi gogo wake amene anayamba khalidwelo, ndipo ngati wotchulidwayo ali wosalakwa, imeneyo ndi nkhani ya iye ndi Mlengi wake.

Mwini kuwerenga yekha ndiye sanafunsidwe maganizo. Pofika ku Nyimba, nthochi zitalowa pamawindo onse, ananena motsitsa mawu kuti bukulo n'lokoma ndithu, koma masamba omaliza palibe, chifukwa mkulu wake anakulungira zitumbuwa.

"Usade nkhawa, mwana wanga," anatero mkulu wa jekete uja, akusenda nthochi, "mathero ake tikuuza ife."

Ndipo basi isananyamuke, wilo ija inapezeka yabodza, chuma chinaperekedwa kwa mwana wa mlongo wa malemu, kaya alipo kaya palibe, wotchi inagwa m'manja mwa amalume, ndipo Nancy anatumizidwa kwa alangizi.