Chikomekome cha Nkuyu

Makolo athu, amene sanaonepo makina opimira munthu, anatisiyira mawu akuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo ine, bambo wa zaka 52 amene mimba yanga imayamba kulowa m'nyumba mwini ndikali pakhomo, ndinkayesa kuti mwambiwu umanena za anamwali okongola ndi amalonda achinyengo, kufikira tsiku limene chikepe cha kuntchito kwathu chinafa. Pofika pansanjika yachitatu ndinali wefuwefu ngati galu wa alenje, kotero kuti mnyamata wina atandipitirira ndi mtolo wa mafayilo nandilonjera mwaulemu, ndinangomuyankha ndi dzanja, pakuti mawu anali atatsalira pamasitepe.

Nditapita kuchipatala, adokotala anandimanga lamba pamkono napukusa mutu, nati, "Bambo, magazi akafika pa 140 ndi 90 timati akuthamanga, koma anuwa adutsapo osapereka moni." Pamenepo anandimata timawaya pachifuwa nandikweza pamakina a lamba woyenda yekha, monga mwa njira imene Robert Bruce, sing'anga wa mtima wa ku Seattle, anafalitsa mu 1963, yakuti pakatha mphindi 3 zilizonse lambayo awonjeze liwiro ndi chitunda, kuti zioneke ngati mtima ndi mapapo zikufikitsa mpweya wokwanira ku minofu ntchito ikakula. Taonani ulendo wodabwitsa, munthu kukwera phiri thukuta lili kamukamu, koma osasuntha m'chipinda! Pamphindi yachisanu ndi chiwiri ndinapempha chifundo, mtima ukuyandikira 168 pamphindi, ndiwo malire a msinkhu wanga pa chiwerengero chija chochotsa zaka za munthu pa 220.

Chondipweteka nchakuti kumudzi amandiombera m'manja nati, "Mwanenepa, zikukuyenderani m'tauni," pomwe amalume anga, owonda ngati bango, amakwera chitunda ndi matumba a makala panjinga akuimba nyimbo za kwaya. Nkuyu wakupsa ndine. Iwo ndi bwemba, louma kunja koma lopanda nyerere.

Amene alibe makina a lamba aja asadziyese wopulumuka, pakuti mu 1968 Kenneth Cooper, dokotala wa asilikali a m'ndege a ku America, anaonetsa kuti wotchi ndi bwalo la mpira nzokwanira: munthu athamange mphindi 12, mtunda umene wayendawo umuchitire umboni. Komatu wa msinkhu wathu ayambe wapimitsa magazi, ndipo akamva kupweteka pachifuwa aleke pomwepo, chifukwa safunsa anadya phula.

Tsono inu anzanga a mimba zaulemu, bungwe la zaumoyo la WHO likutipempha mphindi 150 zokha pasabata zoyenda mwandawala. Siyani galimoto patali, kwerani masitepe, ndipo ng'ambani nkuyu wanu kwa adokotala nyerere zisanaumalize.