Ulemu kwa Kachitsulo Kolira Kuti Khete

Malipenga ndi ng'oma, takhalani chete, mfumu ikudutsa. Mfumu yake ndi kachitsulo kosaposa bokosi la machesi, kopanda batire, kopanda chingwe. Mukakadina ndi chala kamati khete, mukakasiya kamatinso khete. Nyimbo yake yonse ndi imeneyo, ndipo sikanaphonyepo.

Musakapeputse, kanamenyapo nkhondo aka. Usiku wochera pa 6 Juni 1944, asilikali a ku America a gulu la 101st Airborne anatsika ndi maparachuti ku Normandy, m'dziko la France, atatenga tizitsuloti. Ukamva tswatswa mumdima unkadina kamodzi. Akakhala mnzako ankayankha kawiri. Akapanda kuyankha, funso lachiwiri inkafunsa ndi mfuti. Tangoganizani, dziko la ndege ndi sitima zankhondo zosawerengeka, koma moyo wa mnyamata wake n'kutsamira pa choseweretsa cha ana! Opanga ake anali a J. Hudson & Co. a ku Birmingham, omwe aja a mawezulo a Acme. Ansanje amakumbutsa kanema wa The Longest Day wa mu 1962, momwe msilikali wina akuwomberedwa atayesa kukhethemula kwa mfuti ya Mjeremani ndi yankho la mnzake. Koma pamenepo linalakwa ndi khutu, kachitsulo kanalibe mlandu.

Nkhondo itatha kanalowa uphunzitsi. Mu 1951 katswiri wa maphunziro a khalidwe, B. F. Skinner, analemba kuti n'kothandiza pophunzitsa nyama, ndipo pambuyo pake Karen Pryor anakatchukitsa pakati pa oweta agalu. Galu akachita bwino, khete, kenako kanyama. Chinsinsi chake n'chakuti mawu a munthu sadalirika: lero wadzuka ndi mkwiyo, mawa walandira malipiro. Kachitsulo kamanena chimodzimodzi tsiku lililonse, khalidwe limene andale ambiri linawakanika.

Komatu ulemerero wake wonse umaoneka kakagwera m'manja mwa mwana wa zaka zisanu, Lamlungu masana, bambo ake akufuna kugonako pang'ono. Khete, khete, khete. Wailesi imatha mabatire, tambala amasasa mawu, ngakhale mlaliki wa m'basi amafika potsika. Aka ayi, sikadziwa kutopa, ndipo chala cha mwana nacho sichidziwa. Mukakabisa pamwamba pa kabati, agogo ake amugulira kena, poti mtengo wake ndi wochepa ndipo iwo amagona kwawo.