M'mudzi muno ng'ombe sizidwala

Bwalo lidakhala Loweruka patsinde pa kachere. Mlandu wa malire a dimba adayamba aukankhira pambali, poti wa tsikulo udali wosati n'kugoneka: ukadafika Lolemba palibe akadaupirira fungo. Nduna idaomba m'manja katatu n'kuitana wodandaula. Adatulukira atafunda chiguduli, ntchentche zikumuperekeza.

"Dzina?"

"Chibudu, wawa."

Amayi adalavula malovu. Wodandaula adamwetulira, akuti padapita zaka asadalandire ulemu wotero.

"Gogo Chalo," adatero atagwada, "kuyambira makolo, chiweto chikafa chokha, mpeni usadachipeze chili moyo, chinkatchedwa dzina langa. Mwana akalimva ankabweza dzanja m'mbale. Lero ntchito ndikugwira usana ndi usiku, msika uliwonse ndilipo, koma wonditchula palibe. Ndikafika pachiwaya akuti ndine kanyenya. Ndikakwera njinga m'thumba akuti ndine yotsika mtengo. Ndabwera kudzatenga dzina langa."

Woimbidwa mlandu adali bambo wowotcha kanyenya pasiteji, wonenepa khosi, chikwanje chake adachisiya kwa nduna monyinyirika. "Mkuluyu sindikumudziwa," adatero. "Ng'ombe ija idathyoka mwendo. Ife tidangoitsiriza."

Mboni zidayamba kulowa. Mtembo adati iye ndi wa anthu, amalowa m'bokosi ndi nyimbo, za ng'ombe asamudetsere nazo suti. Shehe adati "Haramu," n'kukhala pansi. Abusa adatsegula pa Deuteronomo 14:21 kuti aonetse kuti chofa chokha n'choletsedwa, koma woimbidwa mlandu adadzuka n'kuwapempha awerenge ndime yonse, chifukwa kutsogolo kwake ikuloleza kugulitsa nyamayo kwa mlendo, ndipo aliyense wosuzumira pawindo la minibasi ndi mlendo. Abusa adatseka buku. Alangizi a ziweto adati njinga yamoto ilibe mafuta. Wachidindo adati chidindo adadindadi, koma nyamayo adaiyeza pa foni.

Kenaka nduna idaitana katswiri. Fisi adabwera akutsimphina monyada, adapereka moni kwa mfumu, kwa mbuzi zomwe zidali potero naponso, ndipo adapempha kuti asamudule mawu.

"Gogo Chalo, akulu amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Lero sindili m'mbuna, ndiye mundimva. Dzina langa mudalibwereka kalekale n'kupatsa amuna oyenda usiku m'nyumba za eni, ine osadandaula. Koma ntchito yokha musandilande. Yakutola zakufa ndi yanga ndi mnzanga Muimba. Ndikamva fungo pakati pa usiku ndimanyamuka, koma masiku ano ndikafika ndimapeza chiyani? Udzu woponderezeka, ndowe za m'matumbo, ndi mkwasa wa matayala a njinga. Bamboyu mphuno yake yaposa yanga. Ine ndimamva ng'ombe ikafa. Iye amamva ikangoyamba kutsokomola.

"Ndipo ndikuyamikeni, anthu a mudzi uno, pa thanzi la ziweto zanu. Dibi lanu lidauma, mudamera mpungabwi, ana amabisalamo, koma ng'ombe yodwala sindidaimvepo. Zanu zimangothyoka mwendo. Ina idathyoka mwendo ili chigonere m'khola. Ina idagwera m'dzenje pamalo pomwe ine ndayendapo zaka zonsezi osaona dzenje. Ina idaphedwa ndi mphenzi mwezi wa July, kumwamba kuli mbee, ndipo mphenziyo idali yaulemu, idasiya chiwindi chokha chitatupa. Mwendo wothyokawo ndimaufunafuna kuti mwina anditayira. Ndimakaupeza mumphika wa mang'ina, miyendo inayi yonse ili bwinobwino.

"Nkhuku nayo. Chitopa chikalowa, nkhuku imagwetsa mapiko, inu n'kumati yavala jekete. Katemera wake ndi dontho limodzi m'diso, koma bamboyu sadikira dontho. Amaivula jeketeyo, kuimwetsa mafuta, kuithira mchere ndi tsabola, n'kuilasa kamtengo. Chigodola cha nkhumba chikabuka ndiye Khirisimasi yake. Sabata imeneyo nthuli zimakula, mtengo umatsika, amaika ndi basera. Mukamufunsa amati chigodola sichigwira munthu, ndipo apo sanama. Chomwe satchula n'chakuti kachilomboko kamakwera naye njinga. Akatsuka mpeni kumudzi wachiwiri, nyenyeswa zikagwa pomwe nkhumba zimafukula, pakutha pa mwezi makola onse ali pululu. Kenaka amabweranso ndi nkhope yachisoni kudzagula zomwe zathyoka miyendo kumeneko. Ine mumanditcha wosusuka, koma malonda odzibzalira okha otere sindidawaganizepo.

"Tsono pali ina yomwe ngakhale ine ndimayamba ndaizungulira kawiri. Chiweto chadya bwino madzulo, m'mawa chafa, mimba yafufuma, magazi akuda osagwirana akutuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Imeneyo madokotala amati anthrax. Lamulo lake ndi limodzi: osaitumbula. Kuitentha, kapena kuikwirira mozama, chifukwa mbewu za nthendayo zikakhudza mpweya zimauma n'kugona m'nthaka zaka makumimakumi kudikira msipu. Ine ndi Muimba Chauta adatiikira moto m'mimba. Inu adakupatsani chiyani? Tsabola? Mu 2018 mvuu zoposa 40 zidayandama mu Shire ku Liwonde chifukwa cha nthenda yomweyi, boma lidachita kukuchondererani kuti musadye. Ku Chama, m'dziko la Zambia, mu 2011, mvuu zidafa mu Luangwa anthu n'kuzisenda. Oposa 500 adadwala, 5 adamwalira."

Apa fisi adaseka, koma bwalo silidamuthandize, ndipo nane wolemba za bwalo ndiyambe ndaika cholembera pansi. A ku Chama aja sindiwaweruza. Idali nyengo yoti nkhokwe zapepuka, ndiwo kulibe, phiri la nyama lagona pamchenga laulere. Ofufuza atawafunsa pambuyo pake, ena adanena poyera kuti adzadyanso, poti njala nayo imapha. Sindiweruzanso mayi wamasiye amene ng'ombe yake imodzi yokhayo, fizi ya mwana, yagwa usiku, alangizi ali kutali, woti amubwezere kanthu akaikwirira palibe. Amene ndikumunena ndi uyu amafika pakhomo pa mayiyo ndi tochi tambala asadalire, kumupatsa ndalama yosakwana n'mbuzi yomwe, n'kukagulitsa nyamayo nthulinthuli kwa ana a sukulu ndi apaulendo omwe akadzayamba kutsegula m'mimba adzakhala ali kutali. Uyu alibe njala. Amaona magazi akudawo, amawadziwa, amawapukuta ndi chiguduli. Pitani kwake madzulo mukaone chomwe ana ake akudyera nsima. Ndi usipa. Ndipo wachidindo amene amagulitsa inki yake pa mtengo wa chiwindi ndi mnzake wa mpeni womwewo.

Nduna idandigwira phewa kuti mlembi sayankhula pabwalo. Ndidatola cholembera.

Atafunsidwa ngati ali ndi funso kwa mboni, woimbidwa mlandu adati ali nalo limodzi: ng'ombe yomwe fisi adaizungulira kawiri ija ili pati kwenikweni?

Dzuwa lidali litafika paliwombo ndipo Gogo Chalo adali ndi maliro kumudzi wina, choncho chigamulo chidatuluka mothamanga. Chibudu abwezeredwe dzina lake. Lilembedwe ndi makala pachikwangwani cha pachiwaya, pansi pa mawu oti ngongole mawa. Wachidindo aziyamba waiona nyama, akapeza mpata. Fisi alandire mafupa ngati chipukuta misozi. Wakanyenya alipe mbuzi imodzi ya bwalo dzuwa lisadalowe.

Mbuziyo idafika madzulo ndithu, panjinga, m'thumba, yosendasenda kale. Mnyamata woibweretsa adagwada mwaulemu n'kupepesa kuti idathyoka mwendo panjira. Nduna zidayang'anana, ina n'kutuma mwana kukatenga mchere.